Njinga ya pachithunzi siikwereka

Sabata ino tisiye kaye nkhani za apongozi ndi za chikondi chozilala, tikambe za chinthu chachitsulo koma chimene chikutha kugwedeza nyumba za anthu. Ndikunena za kugula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito kwa munthu amene ali kutali, n'kuitumizitsa kuti idzakupezeni pakhomo.

Mafunso a nkhaniyi onse amayamba mofanana. Bambo kapena mayi watopa ndi kulimbirana minibasi m'mawa uliwonse, ndalama yoyendera ikudya malipiro, mwana naye akuchedwa kusukulu. Tsiku lina akuona pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp kanjinga kokongola, kaja amati sikuta, kosasintha magiya, komwe ngakhale mayi atavala chitenje akhoza kuyendetsa bwinobwino. Mtengo wake ndi wotsika kuposa wa m'mashopu. Vuto ndi limodzi lokha: njingayo ili ku Johannesburg, kapena ku Dar es Salaam, kapena ku Mzuzu inu muli ku Blantyre. Wogulitsa akuti tumizani ndalama lero lomwe chifukwa pali wina akuifunanso. Ndiye funso n'kumati, kodi titumize?

Maganizo ogula njinga si oipa ayi. Mabanja ambiri apepukidwa nayo, ndipo si onse ogulitsa malonda patali amene ali akuba. Koma pali lamulo limodzi limene ndikufuna mulisunge pamtima: ndalama izitsatira umboni, isamatsogole. Mukaona umboni pang'ono, tulutsani pang'ono. Umboni ukakwana, malizani. Zonse zimene ndinene m'munsimu zikungotambasula lamulo lomweli.

Tiyambire m'nyumba. Njinga yamoto si malaya oti munthu n'kungogula mwakabisira n'kudzaonetsa mnzake madzulo. Ndi ndalama yambiri, ndipo kawirikawiri imachokera ku banki m'khonde ya mayi, ku ngongole ya kuntchito kwa bambo, kapena ku mbewu zimene banja lonse lidakhetsera thukuta. Inu abambo, musatumize ndalama mwakachetechete poganiza kuti mudzawadabwitsa akunyumba. Zikadzavuta, chimene chidzawapweteke kwambiri si ndalamayo ayi, koma kubisako. Inunso amayi chimodzimodzi. Khalani pansi awiri, mufunsane kuti: ndalama imeneyi itati yapita osabwerera, ana adya? Lendi tilipira? Fizi ya teremu ikubwerayi ilipo? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti nthawi yogula patali siinakwane. Ndipo za katapila musaziyandikire n'komwe, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, njinga ikadali kutsidya kwa Limpopo.

Mukagwirizana, yang'anani msewu wa kwanu. Sikuta adaipangira misewu ya tala ya m'tauni. Matayala ake ndi ang'onoang'ono, ambiri a mainchesi 10 kapena 12, pomwe njinga zimene akabaza amayendetsa zili ndi matayala a mainchesi 17 kapena 18. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje limene lalikulu limangodutsa, ndipo mimba ya sikuta ili pafupi ndi pansi. Ngati kuti mufike pamsewu waukulu mumadutsa mumchenga, m'miyala kapena m'matope a dzinja, ganizani kawiri. Kenaka pitani kwa ogulitsa masipeya ndi kwa makaniko wa njinga amene muli naye pafupi, muwafunse ngati mtundu umenewo amaudziwa. Akabaza amakonda mitundu monga Lifo ndi King Lion osati kaamba ka kukongola, koma chifukwa masipeya ake savuta kupeza. Sikuta siyendera tcheni, imayendera lamba wobisika m'chikuto cha kumbuyo. Lambayo akaduka ndipo m'dziko muno mulibe wofanana naye, njinga yanu isanduka pogona nkhuku.

Tsopano tibwere pa mtengo. Mtengo umene mwauona pafoni si mtengo wa njinga ili pakhomo panu. Tengani pepala ndi cholembera. Lembani mtengo wa wogulitsa. Onjezani ndalama yosinthira kwacha kupita ku randi kapena shilingi, ndi yotumizira. Onjezani ya munthu wokaiona, ya makaniko, yomangira, ya wonyamula, msonkho wa pachipata, ya ejenti wothandiza kuombola katundu, yolembetsa ku Road Traffic, ya nambala, ya inshulansi, ya zipewa ziwiri zoteteza mutu, ndi ina yapadera ya batire, oyilo ndi matayala, pakuti njinga yakale siilephera kupempha kanthu ikangofika. Mukaphatikiza zonsezi, yerekezani ndi mtengo wa njinga yofanana nayo imene ili konkuno, yoti mukhoza kuigwira ndi manja. Nthawi zambiri mupeza kuti kusiyana kuja kwachepa kwambiri, mwinanso kwatheratu.

Kumbukiraninso kuti kwacha siichedwa kuterereka. Mu May 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adali atalipira theka la katundu wakunja nthawi imeneyo adadzuka m'mawa n'kupeza kuti theka lotsala lakula. Choncho pamasamu anu siyani mpata, musawerengere ndalama yothera pomwepo.

Za msonkho musamvere mphekesera za pabawo. Pitani kapena imbani ku ofesi ya Malawi Revenue Authority, MRA, muwauze mtundu wa njinga, chaka chimene idapangidwa ndi kukula kwa injini yake, akuuzeni zoyenera kulipira. Dziwani kuti powerengera msonkho saona mtengo wogulira wokha, amaphatikizapo ndalama yonyamulira ndi ya inshulansi ya panjira. Dziwaninso kuti akaona kuti mtengo wa palisiti ndi wotsika mokayikitsa, ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo. Ndiye zomapempha wogulitsa kuti alembe lisiti yabodza n'kudziika m'mavuto chabe.

Masamu akakhala kuti akulola, funso lotsatira ndi lakuti: kodi njingayo ilipodi, nanga munthuyo ndi mwini wake? Chithunzi si umboni. Aliyense akhoza kutola chithunzi pa intaneti n'kuikapo nambala yake ya foni. Muuzeni wogulitsa kuti alembe dzina lanu ndi deti la tsikulo papepala, aliike pampando wa njinga, ajambule. Kenaka muimbireni foni ya vidiyo, muone nkhope yake ndi njingayo nthawi imodzi. Akuonetseni nambala ya chasisi, imene pa njinga zambiri zamakono imakhala ya zilembo ndi manambala 17, komanso nambala ya injini, ndipo muzilembe. Akuonetseninso pepala la umwini ndi chiphaso chake. Mayina ndi manambala onsewa agwirizane, chilembo ndi chilembo. Munthu wachilungamo zimenezi sizimuvuta, ndi ntchito ya mphindi 10. Koma mukamva zakuti kamera yafa, ndili kuntchito, njinga ili kwa achimwene, mapepala ndidzatumiza pambuyo, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pavidiyo pomwepo, muuzeni agwire injini ndi dzanja asanailize, kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa imalira bwino ikatenthedwa kale, koma imavuta m'mawa, ndipo ogulitsa ochenjera amadziwa zimenezi. Ikalira, onani utsi. Sikuta zambiri za masiku ano oyilo amakhala payekha, sasakanizidwa ndi petulo, ndiye zikamatulutsa utsi wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo ndipo posachedwa ifuna kutsekulidwa. Ayatse magetsi onse, aimbe huta, agwire mabuleki. Akuonetseni pansi pomwe njinga imagona, muone ngati padontha oyilo. Makilomita a pa mita musawakhulupirire okha, chifukwa amabwezeka. Yang'anani mpando, zogwirira ndi popondera: njinga imene akuti yayenda pang'ono koma popondera padatha, ikunena zoona ndi njingayo, osati mwini wake. Matayala nawo ali ndi chaka chobadwa. M'mbali mwake mumakhala manambala anayi, mwachitsanzo 2319, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.

Komabe vidiyo siiposa maso a munthu. Ambiri a ife tili ndi m'bale ku Joni kapena mnzathu woyenda malonda ku Tanzania. Mutumeni akaone. Koma paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mlamu wanu amene sadagwirepo sipanala akangofika n'kuona penti yonyezimira, adzakuuzani kuti njinga ndi yatsopano. Mupatseni ndalama yoyendera ndi yolipira makaniko wa komweko, wosankha iye osati wosankhidwa ndi wogulitsa. Aikwere, aiyendetse, aone manambala ndi maso ake. Akakumane masana, pamalo poonekera, ndipo asanyamule ndalama zambiri m'thumba, pakuti achifwamba ena amaitanira anthu ndi malonda abodza omwewa.

Pa za m'baleyu ndionjezepo mawu. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndalama imachiyesa kwambiri. Munthu ali kunja ali ndi mavuto akenso: lendi, matenda, ntchito yatha. Mukamutumizira ndalama yonse mwezi wathunthu njinga isanapezeke, mukumuika pamayesero. Adzabwerekako pang'ono ndi mtima wobweza, kenaka foni n'kuyamba kusayankhidwa, mapeto ake nkhani yafika kwa ankhoswe ndi kwa makolo. Tumizani ndalama tsiku logula. Nenani poyera kuti iyi ndi ya njinga, iyi ndi yanu ya thukuta, ndipo zilembedwe pa uthenga woti nonse mukhoza kudzauwerenganso. Kutero si kumukayikira ayi, n'kuteteza chibalecho.

Polipira, dzina la akaunti ya kubanki kapena la nambala ya Airtel Money kaya Mpamba likhale lomwelo la pachiphaso ndi papepala la umwini. Akakuuzani kuti tumizani kwa akazi anga kapena kwa ejenti uyu, imani kaye. N'zoona kuti kuyambira 2018 manambala a foni m'dziko muno amalembetsedwa ndi chiphaso, koma akamberembere amagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake, ndiye dzina kungotuluka pafoni si chitsimikizo. Ndalama yopita kunja idzere kubanki kapena kumakampani ovomerezeka otumiza ndalama, kuti mukhale ndi lisiti. Pakhalenso kalata yogulitsirana yokhala ndi mayina, manambala a ziphaso, nambala ya chasisi ndi ya injini, mtengo, deti ndi mboni.

Akuba a pafoni ali ndi kayendedwe kawo, ndipo ndi bwino mukadziwe. Amayamba ndi kandalama kochepa koti akusungireni njinga. Mukatumiza, mawa akuti pakufunika ya inshulansi. Mkuja akuti galimoto yagwidwa pachipata, tumizani ina msanga apo ayi katundu alandidwa. Munthu umapitiriza kutumiza chifukwa ukumvera chisoni imene idapita kale. Mukaona nyimbo yayamba kutero, lekani pomwepo. Sungani mauthenga onse, kauzeni apolisi ndi kampani ya foni kapena banki tsiku lomwelo, ndipo muuzeni mnzanu wa m'banja. Manyazi ndiwo amanenepetsa akuba.

Pa mapepala, njinga yochokera ku South Africa ikhale ndi pepala lake la umwini ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, chimene chimadziwika ndi dzina la SARPCCO, bungwe la akuluakulu a polisi a maiko a kum'mwera kwa Africa kuno. Funsaninso ngati mwini wake adamaliza kulipira ngongole imene adagulira, chifukwa njinga ya ngongole mwini wake weniweni ndi banki. Ngati mukugula ya m'dziko momwemuno, onani bulubuku, ndipo mugwirizane kuti wogulitsa adzapezeka posintha umwini ku Road Traffic. Osamangoti tidzasintha m'tsogolo. Munthu amasamuka, amamwalira, ndipo inu n'kutsala ndi njinga ya dzina la eni. Kumbukirani kuti kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo mawu akuti ndidagula pa Facebook sadzakuthandizani kwenikweni pamaso pa wapolisi.

Tafika pa ulendo. Kuchoka ku Johannesburg, katundu amadutsa pa Beitbridge kulowa Zimbabwe, pa Nyamapanda kulowa Mozambique, n'kudzera ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Wochokera ku Dar es Salaam amalowera pa Songwe ku Karonga. Ndi ulendo wa masiku, wa mabampu ndi manja ambiri. Wonyamula mumusankhe inu, osati wogulitsa, chifukwa wogulitsa wabodza amakhalanso ndi transipota wake wabodza. Funsani anthu amene adatumizapo katundu kwa munthuyo, mudziwe pomwe amatsitsira ndi nambala ya galimoto yake. Mufunseni mosapita m'mbali kuti: njinga ikathyoka kapena kusowa, alipira ndani? Yankho lake lilembedwe. Mulipireni theka ponyamuka, theka lotsala katundu akafika.

Isanakwezedwe, achotsemo petulo, amasule waya wa batire, achotse magalasi oonera kumbuyo n'kuwakulunga paokha. Njinga iyende choimirira, yomangidwa mbali zonse ndi malamba, ndipo ngati n'kotheka m'bokosi la matabwa. Sikuta thupi lake ndi pulasitiki. Ikagonekedwa cham'mbali n'kusanjikizidwa mafiriji ndi matumba, imafika yosweka ndipo oyilo amalowa mosayenera. M'bale wanu aijambule mbali zonse pamaso pa wonyamula, ndi mita yomwe, ndipo alembe zonse zimene zapita: makiyi angati, magalasi, batire, zida. Makope a mapepala onse akhale ali kale m'manja mwanu galimoto isananyamuke, ndipo kiyi wachiwiri asayende ndi njingayo.

Pali mayesero ena amene amabwera apa. Wonyamula akhoza kukuuzani kuti bwana musavutike ndi msonkho, tiidzeretsa njira yachidule, kapena tiimasula ilowe ngati masipeya. Kanani. Njinga yolowa mozemba ilibe mapepala a MRA, ndipo popanda mapepala amenewo simungailembetse. Mudzakhala mukuyenda mozemba apolisi ngati mbala pa katundu wogula ndi ndalama zanu, ndipo tsiku lina idzalandidwa ndithu. Walira mvula walira matope: mwafuna njinga yakunja, landirani ndi msonkho wake womwe. Ikalowa mwadongosolo, apolisi a nthambi ya Interpol amaona manambala ake, kenaka mumapita nayo ku Road Traffic kukalembetsa. Kumeneko lowani muofesi nokha, mulipire polandira lisiti. Madobadoba a pakhomo amalonjeza changu, koma ambiri alira nawo.

Tsiku lofika, mtima umakhala m'mwamba, ana akudumphadumpha, aneba atuluka. Dekhani, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasaine kapena kumaliza malipiro musanamasule katundu. Yerekezani ndi zithunzi zija, werengani manambala a chasisi ndi injini, onani ngati batire ndi matayala ndi omwe aja. Chilichonse chosweka chijambulidwe wonyamula ali pomwepo. Ndipo musaikwere tsiku lomwelo kupita nayo kutauni. Iyambe yaonedwa ndi makaniko: asinthe oyilo, aone mabuleki, lamba ndi matayala.

Kwa inu makolo amene mwana wakukakamizani kuti mumugulire sikuta yopitira kukoleji kapena kuntchito, mawu anga ndi awa. Ana athu foni amaidziwa kutiposa, koma kudziwa foni si kudziwa anthu. Musatulutse ndalama ya penshoni chifukwa chakuti mwana wanena kuti wogulitsayo akuoneka wabwino. Muuzeni akuonetseni umboni wonse umene tatchulawu, ndipo inu mulankhule naye nokha wogulitsayo. Chinanso, laisensi iyambe, njinga ibwere pambuyo. Njinga ya injini yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya A1, yoposera apo imafuna ya A. Inshulansi ndi lamulo, chipewa ndi lamulo, kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ndi cha Kamuzu Central madokotala akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka pangozi za njinga zamoto. Sikuta imaoneka ngati choseweretsa, koma tala sasankha kuti wagwayo adakwera yaing'ono kapena yaikulu. Inunso mabanja achinyamata, zomuimika mwana kutsogolo, wina kumbuyo, wina kumsana kwa mayi, onse opanda zipewa, n'kuika banja lonse padzira limodzi.

Mwina wina akuti, aaa, zonsezi zichedwetsa, njinga itengedwa ndi ena. Itengedwe. Njinga zogulitsa sizidzatha padziko pano, koma ndalama imene mwasonkha zaka ziwiri ikapita, kuti ibwerere mpaka zaka zina ziwiri. Wogulitsa amene akukuthamangitsani akudziwa kuti mukapeza nthawi yoganiza muona chimene akubisa. Fulumira adadya gaga. Ndipo ngati mulibe munthu wodalirika wokakuonerani, yerekezani mtengo wa tikiti ya basi ndi mtengo wa njinga. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu ndi usiku umodzi. Pitani nokha mukaione. Ngati ndi kunja ndipo simungathe kupita kapena kutuma munthu, gulani ya konkuno ngakhale ikwere pang'ono, yoti makaniko wanu waigwira ndipo mwini wake mukudziwa pakhomo pake.

Choncho musanadine batani lotumizira ndalama, dzifunseni mafunso anayi. Kodi mnzanga wa m'banja akudziwa ndipo wavomera? Kodi munthu amene ndimamukhulupirira waiona njingayi ndi maso n'kuikwera? Kodi mayina ndi manambala a pamapepala akugwirizana ndi a panjinga? Kodi ndikudziwa mtengo wonse mpaka itavala nambala ya Malawi? Pakapezeka ayi mmodzi yekha, ndalama ibakhala m'thumba.